Masipika aatali si onse oyenera mtengo wake

A Mkonzi,

Ndimakonza mawailesi ndi maampulifaya ku Ndirande, ndipo ndikufuna kuchenjeza anzanga amene akukopeka ndi masipika aatali oimika pansi omwe akugulitsidwa m'masitolo a ku Limbe.

Chonyenga choyamba ndi manambala. Pabokosi amalemba mawatsi a PMPO (mphamvu ya kamphindi chabe) ndi zilembo zikuluzikulu, koma mphamvu yeniyeni ndi ya RMS (imene sipika imapirira mosalekeza), yomwe imakhala yochepa kwambiri. Funsani imeneyo. Kenako gogodani m'mbali mwa sipikayo. Ikalira ngati chigubu chopanda madzi, matabwa ake ndi opyapyala, ndipo besi idzangonjenjemeretsa bokosilo. Yabwino imalemera.

Masipika enieni, a wufa (yotulutsa besi) yolimba ndi twita (yotulutsa mawu okwera) yosaboola m'makutu, ndi oyeneradi ndalama zake, sindikukana. Koma amafuna ampulifaya yamphamvu yogwirizana ndi ma ohm ake (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi), kaya 4 kapena 8. Ambiri amathera ndalama zonse pa masipika, n'kulumikiza kaampulifaya kofooka, n'kukakweza mpaka kumapeto. Mawu akayamba kusasa, twita imapsa. Ndasintha zambiri zoterezi, ndipo zimandiwawa kuona bambo akudandaula ndalama imene anaisunga movutikira.

Onaninso nyumba yanu. Pabalaza laling'ono la simenti, denga lamalata lopanda siling'i, besi yambiri imangogunda makoma, mawu a woimba osamveka. Pamenepo timasipika tiwiri tabwino ta pashelefu tikukwanirani.

Pokagula tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino pa fulashi, muimvetsere voliyumu ili pansi. Wogulitsa akakana, tulukani.

Wokonza mawailesi,
Ndirande, Blantyre