Anyamata athu adziwe bwino za regulator asanalowe pansi pa nyanja

A Mkonzi,

Ndati ndilankhulepo za anyamata aku Nkhata Bay ndi Cape Maclear omwe akuphunzira zolowa pansi pa nyanja ndi alendo okaona nsomba za mbuna. Ambiri amaganiza kuti mu thanki yomwe amabereka kumsana muja muli okosijeni yekha, ayi ndithu, ndi mpweya womwe tikupumawu koma wopanikizidwa mpaka pafupifupi 200 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya kupanikiza), sungaupume chonchi. Nde ntchito yonse ili pa regulator, chipangizo cha mbali ziwiri chotsitsa mphamvu ya mpweya uja kuti uthe kuupuma. Mbali yoyamba imamangidwa pa thanki penipeni, imatsitsa mphamvu ija kufika pa 9 kapena 10 bar kuposa ya madzi okuzungulira, kenako mpweya umadutsa mu paipi kufika pa mbali yachiwiri, kachipangizo koluma mkamwa kaja. Mkati mwake muli kalabala kopyapyala, ukakoka mpweya kamalowa mkati nkukankha kachitsulo kotsegula valavu, ukasiya kukoka valavu yatseka, ukapumira kunja mpweya umatuluka pena nde thovu timaliona lija. Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ndiwo anakonza zimenezi mu 1943.

Chondidetsa nkhawa nchakuti ukatsika mamita 10 aliwonse mphamvu ya madzi imaonjezekera pafupifupi 1 bar, nde kukoka kamodzi kumatenga mpweya wambiri, thanki imatha msanga ukakhala pansi kwambiri, komanso ukakwera utagwira mpweya umafufuma mmapapo nkuwavulaza, zoopsa zedi. Eni zida chonde muzizitsuka, mchenga wa pagombe ukalowa mu valavu mpweya umangotuluka osasiya. Ndipo aphunzitseni ana athuwa m'Chichewa amve bwinobwino asanalume kachipangizoka.

Wowerenga wanu,
Nkhata Bay