Mwana wovutika kujambula mapu tisamuweruze ndi mzere wa pensulo

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi makolo anzanga amene akuphunzitsa ana awo pakhomo, komanso ndi aphunzitsi, za ntchito imene inativutitsa m'banja mwathu kwa nthawi yaitali, ndiyo kujambula mapu.

Mwana wanga wamkazi ndinayamba kumuphunzitsa ndekha pamene sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo zitatsegulidwa tinaona kuti n'kwabwino tipitirize motero. Kuwerenga amawerenga bwino, nkhani akaimva kamodzi amaibwereza yonse osadumpha, koma ndikamupatsa pepala kuti akopere mapu a dziko lathu, zonse zinkasokonekera. Nyanja inkapezeka kumadzulo, Nsanje ankakhala pafupi ndi Karonga, ndipo mayina a maboma ankaunjikana pakona imodzi, pepala lonse lili mbee. Kuchipatala anamuyeza maso n'kupeza kuti alibe vuto. Chimene chimamuvuta ndi kuzindikira mmene zinthu zakhalira pamalo: chiti chili kumanja kwa chinzake, chiti chili kutali, ndiponso kukula kwa ichi poyerekeza ndi icho. Zomwezi zimaoneka pa masamu, pamene manambala amakana kutsika mumzere umodzi.

Poyamba ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera. Ndinkamuuza kuti abwereze kasanu, kakhumi, poganiza kuti dzanja lizolowera, mpaka pepala linkabooka ndi kufufuta, iye misozi ili mbwembwembwe. Ndinayesanso kumulembera timabokosi kuti azikopera kabokosi kamodzikamodzi, njira imene imathandiza ana ambiri, koma kwa iye mizere yambiriyo inangowonjezera chisokonezo.

Zinthu zinayamba kusintha tsiku limene tinasiya pepala n'kutuluka pabwalo m'mawa. Ndinamumanga kachingwe kofiira padzanja lamanja, popeza manja ndi manzere amawasokoneza, n'kumuuza kuti aloze dzanja limenelo kotulukira dzuwa. Apo nkhope yake inali itayang'ana kumpoto. Kenaka ndinalemba malire a dziko pansi ndi phulusa, otalika mapazi khumi ndi awiri. Chitenje chabuluu chopinda m'litali chinakhala nyanja, chingwe cha khonje chinakhala mtsinje wa Shire, chikuchokera kumunsi kwa chitenje, ku Mangochi, n'kudutsa pambale yaing'ono imene tinaitcha Nyanja ya Malombe, mpaka kutuluka m'malire kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Mtondo wogadabuza unakhala phiri la Mulanje, ndipo iye ataimirira pambali pake anatchula yekha kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, chifukwa manambala ndi mayina sizimuthawa.

Ndinagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi ya mawu. Ndinamuuza kuti akhale basi yoyenda mumsewu wa M1, ndipo anayamba kuponda kuchokera kumwera akutchula ngati kondakitala: Nsanje, Chikwawa, Blantyre, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu, Mzuzu, Karonga. Pamalo aliponse ankasiya chitsononkho. Atafika ku Kasungu anaima, nayang'ana kachingwe ka padzanja, n'kunena kuti nyanja ili kumanja kwake, ndiye kuti ili kum'mawa, ndipo Zambia ali mbali inayo. Chimene chinamukanika kwa miyezi ndi pensulo anachipeza ndi mapazi m'mawa umodzi wokha.

Kubwerera kupepala tinabwerera pang'onopang'ono. Ndinadula katoni m'maonekedwe a dziko lathu kuti azingozungulira ndi pensulo, ndipo pamalire ndinamata ulusi kuti chala chizimva pamene dziko lathera. Pepalalo tinkaliyala pansi, mutu wake utaloza kumpoto kwenikweni, pakuti mawu akuti kumpoto ndi pamwamba pa pepala ankamusokoneza kwambiri, ndipo tinadzalikweza patebulo patapita masabata. Maboma onse 28 sitinawaike pamapu amodzi ayi. Tinayamba ndi 6 a m'chigawo cha kumpoto, kenaka 9 a pakati, pomaliza 13 a kumwera, chigawo chilichonse ndi pepala lake ndi mtundu wake. Mayina ankalemba pa timapepala n'kumasuntha mpaka atakhutira, ndipo atatero m'pamene ankamata. Mitsinje inali ndi pepala lakelake, mapiri chimodzimodzi, kuti maso asakumane ndi zambiri nthawi imodzi.

Mkonzi, mfundo yanga ndi yakuti cholinga cha phunziro la mapu ndi chakuti mwana adziwe kumene malo ali poyerekeza ndi ena, kuti amvetse chifukwa chimene madzi a Shire amalowera kumwera ndi chifukwa chimene Likoma amafikako paboti. Kukopera bwino maonekedwe a malire ndi luso lina, labwino ndithu, koma si ndilo mutu wa phunzirolo. Mwana amene angathe kuikira mayina m'malo mwake pamapu ojambulidwa kale, kapena kufotokoza pakamwa ulendo wochokera ku Zomba kupita ku Nkhata Bay, waphunzira, ngakhale mzere wake utakhala wokhotakhota. Zimandipweteka mtima ndikaganiza za ana otere m'makalasi odzaza, amene amatchedwa aulesi kapena osasamala, pamene akuyesetsa kuposa anzawo.

Dziko lathu lili ndi aphunzitsi odziwa za ana amene amafuna chithandizo chapadera, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Ndikupempha Unduna wa Maphunziro kuti upereke mpata woti akatswiri amenewa azikumana ndi makolo ophunzitsa ana pakhomo, ngakhale kamodzi pa teremu, kuti tisamangopapasa tokha monga ndinachitira ine. Ndikupemphanso bungwe la MANEB kuti pokonza mafunso a mapu pa mayeso a Sitandade 8 lizikumbukira ana amene maso awo amaona bwino koma amavutika kuzindikira malo a zinthu papepala, ndi kuwakonzera mapu aakulu, a mizere yokhuthala, osadzaza ndi zizindikiro zambiri.

Ine wanu,
Mayi wophunzitsa mwana pakhomo,
Zomba