Kwa Amayi, za ndalama ya malata ndi nkhani ya ku Ulaya

Toronto, 9 Novembala 2025

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi a malume. Ine chifuwa chija chinatha. Kuno kwayamba kuzizira, dzuwa likumalowa 5 koloko isanakwane.

Ndalandira Lachisanu, koma sinditumiza kalikonse mpaka mundiuze zoona za madola 600 a mu Seputembala aja. Ndinanena momveka kuti ndi a malata ndi misomali. Alamu andiimbira kuti denga likadali la udzu lomwe lija, chonsecho mvula ili pakhomo, ndipo mzime wanu akuyenda ndi foni yatsopano, akuuza anthu pa Lizulu kuti Khirisimasi akadyera ku Ulaya. Akuti wapereka ndalama kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene wamulonjeza kumulowetsa popanda viza, ati poti mlongo wake ali ku Canada. Amayi, ndalama imeneyo ndi iti? Musamubisire. Ndinaipeza ndikusambitsa munthu wamkulu usiku, msana ukuwawa.

Komwe nkhaniyi yachokera ndikukudziwa. Tsiku lija pa foni ndinati agogo amene ndimawasamalira akupita ku Portugal popanda viza, iye n'kumva mbali imodzi yokha. Mumuwerengere kalatayi pamaso pa a malume. Olowa popanda viza ndi amene ali ndi pasipoti ya Canada. Agogowa makolo awo anachokera pa chilumba cha São Miguel cha ku Portugal komweko, ndipo akufuna akaone manda a abale awo mu Disembala. Iwowo angonyamula pasipoti n'kukwera ndege. Komabe si kuti amangokhala mmene afunira. Mayiko 29 a ku Ulaya amene amawatcha Schengen amawerengera limodzi: masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse. Ukakhala mwezi ku Portugal n'kuwolokera ku Spain, masiku sayambiranso, amangopitirira. Mwana wa agogowa anakhala ndi kalendala pa tebulo kuwerenga limodzilimodzi, chifukwa agogo anakhalako kale miyezi iwiri chilimwe chathachi. Ndipo masiku amenewo ndi ocheza, ntchito saloledwa kugwira. Ndiye iyeyo akuti akakagwira ntchito yanji?

Mbuzi ziwiri zija musagulitse. Ndamva kuti zayamba kutchulidwa.

Inetu ndili ndi khadi yokhalira kuno mpaka kalekale, ndimalipira msonkho kuno, koma pasipoti yanga ndi ya Malawi ngati yanu. Kuti ndiperekeze agogowa ndapempha viza monga wina aliyense. Ndalipira mayuro 90, ndapereka zithunzi, kalata ya kubanki, kalata ya kuntchito, matikiti, malo ogona, ndi inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Anandidindanso zala. Ine amene ndili kuno ndavutika chonchi, nanga iye wa ku Ntcheu amulowetsa ndani ndi dzina langa? Pasipoti ya Canada munthu amaipeza akakhala nzika, ndipo asanapemphe unzika amayenera kukhala m'dziko muno masiku 1,095 pa zaka zisanu. Siyobwerekana, siyolowa chokolo.

Ngakhale eni akewo zinthu zikuwathina. Pasipoti ya agogo inali yotha mu Febuluwale, tinachita kukatenga ina, chifukwa imafunika ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka ku Ulaya. Kuyambira pa 12 Okutobala ayamba kujambula nkhope ndi kutenga zala pa makina pa chipata, m'malo mwa chidindo chija, ndiye wopitirira masiku kompyuta izimugwira yokha. Chaka chamawa akuti a ku Canada nawo azidzayamba apempha chilolezo pa intaneti, cha mayuro 20, chotchedwa ETIAS. Ku Britain chilolezo chawo chotere anayamba kale mu Januwale. Bambo wa ku Lilongwe uja zimenezi anamuuza?

Za feteleza ndikufuna matumba anayi, awiri okulitsa, awiri obereketsa, koma ndalama yake ndidzatumiza kwa alamu, osati pa foni ya mnyamatayo. Lisiti aijambule anditumizire. Fizi ya mwana wanga ya teremu ikubwerayi ndidzalipira ndekha kusukulu, wina asadzakunamizeni kuti ikusowa.

Ndikulongedza mankhwala a agogo m'mabotolo ake omwe, ndi kalata ya dokotala, m'chikwama cha m'manja, poti katundu wa pansi amatha kusochera. Ndagulanso timapulagi ta mano awiri ozungulira, chifukwa magetsi a kumeneko ndi a 230 ngati akwathu, akuno ndi 120. Akuti chilumbacho n'chobiriwira, cha mapiri ndi ng'ombe, amalimanso tiyi ndi zinanazi. Atandionetsa zithunzi mtima unandipweteka, ndinangoona Dedza nthawi ya dzinja. Munthu wa zaka 84 akupita kukaona manda a kwawo, ine manda a bambo sindinawaonebe. Zaka zinayi tsopano. Ndikanapanda kumanga nyumbayi bwenzi nditabwera chaka chatha, n'chifukwa chake nkhani ya malatayi ikundisowetsa tulo.

Mumuuze mzime wanuyo apite kwa bambo wa ku Lilongwe uja ndi a malume akatenge ndalamazo, ndipo ngati anasiyako pasipoti kapena chitupa chake cha unzika akachilande tsiku lomwelo. Akakana, apite kupolisi. Foniyo agulitse, zomwe zipezeke mugule malata ngakhale khumi, muyambe kufolera kuchipinda kwanu. Ndidzaimba Lamlungu likubwerali 7 koloko madzulo nthawi yakwanu, kuno ikhala 12 masana. Iye akhalepo, ndikufuna ndimve pakamwa pake.

Mankhwala a BP mukumwa? Moni kwa onse.

Ndine mwana wanu.