Olemba ma code, tisiye kuyamba ma project amene palibe akuwadikira

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata mu nyuzipepala yathuyi. Ndikufuna ndilankhuleko ndi anzanga amene timalemba mapulogalamu a pakompyuta, makamaka aja timapanga tokha kumbali tikaweruka ku ntchito kapena ku sukulu, opanda bwana otilondalonda komanso opanda malipiro. Ambirife mu laputopu muli foda yodzadza ndi ma project amene tinayamba ndi moto koma onse anathera pa tsamba la login, ukamufunsa munthu akuuza kuti mphamvu zinatha, kapena nthawi palibe, kapena magetsi. Zamagetsi ndi kudula kwa ma bundle ndi zoona ndithu sindikutsutsa, koma ine ndimaona kuti vuto limayambira pa chinthu chimene tasankha kupangacho.

Timakonda zazikulu. App yoti dziko lonse lizigulitsirapo malonda, ina yoti ilowe mmalo mwa WhatsApp, ina yolumikiza alimi onse ndi misika yonse. Usiku oyamba wajambula logo, wachiwiri ukulimbana nazo zoti kaya Laravel kaya Django, kaya Flutter kaya React Native (awa ndi ma framework, zida zomangira mapulogalamu), sabata yatha ukungoonera mavidiyo pa YouTube bundle nkumatha, kenako wamva kuti kwabwera framework ina yatsopano wayambiranso pachiyambi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo nthawi yonseyi palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akuchidikira chinthucho, olo iwe mwini wake sukuchifuna mawa mmawa. Nde tsiku loti watopa chingakudzutse ndi chani?

Taonani nkhani ya curl. Amene amalemba code amaidziwa, ndi kapulogalamu kotumiza ndi kukoka zinthu pa intaneti, kali mmafoni, mmagalimoto, mma TV, mu Windows momwe, makope ake ndi mabiliyoni. Mkulu wake ndi Daniel Stenberg wa ku Sweden. Mu 1996 iyeyu sankafuna kusintha dziko ayi, anali ndi ka bot kake, kapulogalamu koyankha kokha anthu akakafunsa, pa IRC, komwe anthu ankachezera pa intaneti nthawi imeneyo, ndipo ankangofuna kuti kazitha kuuza anzake kuti ndalama ya dziko ili ikusinthidwa bwanji ndi ya dziko lina. Mitengoyo inali pa tsamba lina la pa intaneti nde pankafunika kachida kokaitenga tsiku ndi tsiku. Anapeza kapulogalamu kakang'ono kotchedwa httpget kamene analemba Rafael Sagula wa ku Brazil, nkuyamba kukakonzakonza mpaka kanakhala mmanja mwake, dzina linasintha kukhala urlget, kenako curl mu March 1998. Chimene chimandigwira mtima ine ndi chakuti kuchokera pamenepo bamboyu anakhala zaka zoposa 20 akupanga curl pambali pa ntchito yolembedwa, kawirikawiri maola awiri usiku banja likagona, ndipo anadzayamba kulipidwa kuti azipanga curl yokhayokha mu 2019. Zaka zonsezo sikuti tsiku lililonse ankadzuka ndi chimwemwe, nkosatheka, koma kachinthuko kankagwira ntchito kuyambira pachiyambi, iye mwini ankakagwiritsa ntchito, ndipo anthu ena atayamba kukadalira ankamutumizira madandaulo ndi zokonza. Munthu ukamalandira uthenga oti chakuti sichikuyenda sumafunanso wina okulimbikitsa.

Linux nayo, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati mmene ilili Windows, Linus Torvalds poilengeza mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki ananena yekha kuti nzongosewera sizidzakula, Python, chilankhulo cholembera code, Guido van Rossum anaiyamba pa holide ya Khrisimasi mu 1989. Sindikunena kuti tonse tidzafika pamenepo ayi, ambirife sitidzafika ndipo palibe vuto.

Kwathu kuno zinthu zazing'ono zofuna code zili mbwee. Mayi anu kapena azakhali anu ali mu banki mkhonde, msungichuma amalemba masheya ndi ngongole mu kope, ikafika December nthawi yogawana amakhala mpaka usiku ndi calculator kuwerengera chiwongoladzanja anthu nkumakangana. Apangireni kanthu kongowerengera zimenezo basi, kopanda login, kopanda logo, olo kakhale koipa maonekedwe. Mukawapatsa mudzaona, akuimbirani foni kuti iwe, apa pakusowa chindapusa cha ochedwa kubweza, ndipo mudzakonza usiku omwewo chifukwa azakhali simungawazembe, mukakumana nawo pa maliro kapena pa chinkhoswe. Zomwezonso ndi mndandanda wa zopereka ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kapena stock ya pa grocery ya achimwene anu.

Tsono pa kagwiridwe kake, chimene chimapha ma project ambiri ndi kubwerera patapita masabata awiri osakumbukanso kuti unalekezera pati, umatsegula laputopu nkungoyang'ana, ola latha ukuwerenga code yako yomwe ngati analemba ndi munthu wina, nkutseka. Ine ndisanatseke ndimalemba mzere umodzi mu kafayilo ka manotsi kuti mawa ndiyambire apa, ndipo nthawi zina ndimasiya dala ka error kosavuta kuti pobwera ndipeze poyambira pofewa. Git, chida chosunga mbiri ya zimene wasintha mu code, siifuna intaneti kuti upange commit, kutanthauza kusunga zimene wasinthazo, ambiri amaiwala zimenezi, umatha kugwira ntchito sabata yonse opanda data nkudzapanga push, kutumiza ntchitoyo ku GitHub komwe anthu amasunga code pa intaneti, tsiku limene wapeza netiweki. Ma docs, zolemba zofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka Python ndi zida zina zambiri, amatheka kuwapanga download kamodzi nkumawerenga opanda bundle. Magetsi akazima batire nkutha pepala ndi bolopeni zilipo, ma table a database, momwe pulogalamu imasungira zinthu zake, amajambulika bwinobwino pa kope. Ndipo mphindi 30 tsiku ndi tsiku zimaposa kudikira Loweruka loti udzakhale tsiku lonse, poti Loweruka lake limenelo kumakhala ukwati, kuchapa, mpira, alendo.

Komanso si project iliyonse yofunika kuimaliza. Ina unayamba kuti uphunzire chinthu, wachiphunzira, basi lembapo README, fayilo yofotokoza za project, yonena kuti inathera apa nkuisiya ndi mtima oyera, kusiyana nkumayenda ndi ngongole ya ma project khumi mmutu, imene imakupangitsa kuopa olo kutsegula laputopu kumene.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili. Timaona kawirikawiri zithunzi za achinyamata atanyamula chicheke chachikulu atapambana mpikisano wa ma app, nzabwino ndithu tiziwayamikira, koma patapita chaka atolankhani anu azibwererako kukafunsa ngati app ija ikugwirabe ntchito ndipo akuigwiritsa ndi ndani. Mutifunirenso ena aja amene sanapambanepo mpikisano uliwonse koma kapulogalamu kawo kakhala kakuyenda zaka zitatu zinayi pa sukulu ina kapena pa chigayo, muwafunse kuti amakakonza nthawi yanji ndipo data amaipeza bwanji, ife tikufuna tiwerenge zimenezo.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe