Alembi achinyamata apatsidwe malo okumanirana m'sukulu zaukachenjede

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mabuku ndi luso m'sukulu zaukachenjede, chifukwa ndikuona kuti chizolowezi chakuti ophunzira azikumana n'kumawerengerana zimene alemba, chomwe chinalera alembi ambiri a mu Africa, chikuzilala ife tikuyang'ana.

Mu 1962, alembi atasonkhana pa sukulu yaukachenjede ya Makerere mumzinda wa Kampala, a Ngugi wa Thiong'o a ku Kenya, amene panthawiyo anali wophunzira chabe, anapereka zolemba zawo kwa a Chinua Achebe, mlembi wotchuka wa ku Nigeria, kuti aziwerenge, ndipo mu 1964 zolembazo zinatuluka ngati buku ku London. Nalo gulu la Writers Group, limene linayamba pa Chancellor College mu 1970, linasula alakatuli odziwika, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa, a Jack Mapanje, anamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndakatulo zikanakhala masewera a ana, boma la nthawi imeneyo silikanataya nazo tulo.

Inenso ndinaphunzira kulemba pa kagulu kotere. Tsiku lina madzulo ndinawerenga ndakatulo yanga pepala likunjenjemera m'manja, ndipo nditamaliza, mtsikana wina wophunzira masamu, amene kawirikawiri ankangokhala duu kumbuyo, anafunsa kuti, "Kodi achimwene, maliro mukulira m'ndime yachitatuyi munawaonadi?" Zoona zake n'zakuti ndinangowapeka. Ndinakagona mtima ukuwawa, koma kutacha ndinafufuta ndime yonseyo, ndipo mpaka lero funso lake limandibwerera ndikagwira cholembera.

Masiku ano laibulale imadzaza pokhapokha mayeso akayandikira, ndipo amene walemba ndakatulo amaiponya pa Facebook, kumene anzake amaiyamikira asanaiwerenge n'komwe mpaka kumapeto. Intaneti sindidana nayo ayi, poti inenso ndimawerengerapo zambiri, koma mlembi amene sanadzudzulidwepo maso ndi maso sadziwa pamene mawu ake akutsimphina.

Pempho langa kwa akuluakulu a sukuluzi silofuna ndalama zambiri. Asiye chipinda chimodzi chotsegula madzulo amodzi pa sabata, kuti alembi, ochita zisudzo ndi ojambula azikumanamo, ndipo athandize ophunzira kutulutsa kamagazini kolandira zolembedwa m'zilankhulo zawo pamodzi ndi Chingerezi. Aphunzitsi ofuna kubwera abwere ndithu, koma cholembera chofiira achisiye ku ofesi, adzakhale pa benchi limodzi ndi ophunzira, nawonso awerenge zawo tiwamve.

Ndine wanu,
Wokonda kuwerenga