Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wokumbukira namondwe Freddy

Kwa a Gulupu, a wapampando ndi mamembala onse a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dera lathu.

Ndikupereka lipoti ili ngati nthumwi imene munaituma ku msonkhano wokumbukira namondwe Freddy, womwe unachitikira mumzinda wa Blantyre ndipo unasonkhanitsa makomiti ngati yathuyi ochokera m'maboma a chigawo cha kummwera, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi akatswiri a zanyengo. Tinayamba ndi pemphero lokumbukira abale athu amene anatisiya, makamaka aja amene matupi awo sanapezeke mpaka lero. Zokambidwa zinali zambiri, koma ndikhazikika pa funso limene munandipatsa ponyamuka, lakuti kodi namondweyu anafika kumtunda ndi mphamvu yotani kuti atiwononge chotere, ndipo tingamudziwe bwanji wina wonga iye akamabwera.

Freddy anayambira kumpoto chakumadzulo kwa Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nadutsa nyanja yonse ya Indian Ocean. Anagunda Madagascar pafupi ndi Mananjary pa 21 Febuluwale, analowa Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale, kenako anabwereranso kunyanja kumene anakatolera mphamvu zatsopano, ndipo pa 11 Malichi anatulukiranso pafupi ndi Quelimane m'chigawo cha Zambezia. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization linatsimikiza mu 2024 kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Chimene chinandidabwitsa, ndipo ndikupempha kuti tonse tichimvetse bwino, n'chakuti pamene ankagunda ku Quelimane, Freddy sanali pachimake pa mphamvu zake. Ali pakati pa nyanja mphepo yake inapitirira makilomita 220 pa ola, koma pofika ku Quelimane inali pafupifupi makilomita 150 pa ola, ngakhale kuti nthawi zina inkawomba mwamkuntho kupitirira 200. Namondwe Idai, amene anagunda Beira pakati pa Malichi 2019, anafika kumtunda ndi mphepo yoposa imeneyi, komabe kuno kwathu anthu amene anamwalira ndi madzi osefukira a nyengo imeneyo anali pafupifupi 60. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022 anali wofooka kwambiri poyerekeza ndi awiriwa, koma ndi amene anagumula damu la Kapichira n'kusiya dziko mu mdima kwa nthawi yaitali. Apa ndi pamene ndinaona kuti liwiro la mphepo limene timamva pa wailesi limanena za tsoka la anthu a m'mphepete mwa nyanja, amene madenga awo amasasuka ndipo nyanja imawalowera m'nyumba, pamene ife okhala kutali ndi gombe chimatipha ndi mvula.

Katswiri amene anatifotokozera mbali imeneyi anati Freddy atalowa kumtunda mphepo yake inatsika msanga, monga zimachitikira namondwe aliyense akasiyana ndi madzi ofunda a m'nyanja, koma anayamba kuyenda pang'onopang'ono kwambiri uku akukokabe chinyezi chochokera kunyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Mpweya wonyowawo ukagunda mapiri a Mulanje, Michesi, Chiradzulu ndi Soche unkakwera m'mwamba, n'kuzizira, n'kukhuthula madzi pamalo amodzimodzi usana ndi usiku. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, imene m'madera ambiri a dziko lino ndi mvula ya chaka chathunthu. Popeza kunali kumapeto kwa dzinja, nthaka inali itakhuta kale madzi, choncho dothi la m'mapiri linalekana ndi thanthwe n'kutsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Umu ndi mmene Chilobwe anakwiririkira kunsi kwa Soche, ndi mmenenso mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unafafanizikira.

Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza pa 13 Malichi kuti chigawo cha kummwera chagweredwa ndi ngozi, ndipo pambuyo pake dziko linalira maliro masiku 14. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inawerenga anthu oposa 670 omwalira ndi oposa 500 osowa, pamene oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo n'kukakhala m'misasa, ambiri m'masukulu ndi m'matchalitchi, pa nthawi imene kolera anali atavuta kale m'dziko muno.

Gawo limene linandikhudza kwambiri linali la maumboni a nthumwi zochokera m'midzi ya m'munsi mwa mapiri. Pafupifupi onse anavomereza kuti chenjezo la nthambi yoona zanyengo analimva masiku angapo namondweyo asanafike, koma atamva za madzi osefukira maganizo awo anathamangira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, poganiza kuti munthu wokhala pamtunda madzi sangamupeze. Ena anatsekera ana m'nyumba poopa mphepo ndi malata ouluka, osadziwa kuti nyumbayo yaima pa njira ya matope. Sindikuwaweruza anthu amenewa, chifukwa ifenso m'dera lathu tinaganiza chimodzimodzi, ndipo chenjezo limene silitchula phiri, khwawa ndi mudzi limasiya aliyense akuyesa kuti likunena za mnzake. Akuluakulu a ku Phalombe anatikumbutsa kuti napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, anadutsa m'makwawa omwe akale ankawadziwa ndi kuwalambalala pomanga nyumba, koma kuchepa kwa malo kwachititsa kuti ana athu amange momwemo.

Pa nkhani yosamutsa anthu m'malo oopsa sitinagwirizane. Ena anati lamulo latsopano loona za ngozi, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 m'malo mwa lija la mu 1991, ligwiritsidwe ntchito mosanyengerera, pamene mafumu ena anafunsa kuti munthu wochotsedwa pa munda wa makolo ake akalima kuti ndipo akadya chiyani. Maganizo anga ndi akuti kusamuka n'kofunika kwa amene ali pakamwa penipeni pa makwawa, koma sikungatheke popanda malo olima, mjigo ndi sukulu kumene akupitako, ndipo pamene tikudikira zimenezo tisakhale manja lende.

Chotero ndikupempha komiti kuti isanafike mvula yoyamba tiyendere phiri lathu pamodzi ndi a Gulupu ndi akuluakulu amene akukumbukira kumene madzi ankadutsa kale, tilembe nyumba zonse zimene zili m'njira zimenezo, ndipo tisankhe malo othawirako amene ali kutali ndi khwawa, osangoti chifukwa ndi sukulu kapena tchalitchi. Tipemphenso alangizi a zaulimi atithandize kupeza choyezera mvula ndi kutiphunzitsa kuwerenga kwake, kuti mvula ikagwa mosalekeza kupitirira tsiku, kapena madzi a mumtsinje akasanduka matope mwadzidzidzi, kapena ming'alu ikaoneka m'phiri, anyamata athu aimbe mawenzulo usiku womwewo popanda kudikira uthenga wochokera kuboma. Nkhani ya odula mitengo ndi owotcha makala m'phirimo ndaisiya m'manja mwa a Gulupu, ndipo ndikupempha a wapampando kuti iikidwe poyamba pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu wa mwezi wamawa.