Lipoti la msonkhano wa magemu: nkhani ya open world ndi ndalama zathu za chilimba

A Tcheyamani, amayi Msungichuma, azibambo ndi azimayi anzanga a mashopu a magemu, ndi inu achinyamata a kalasi ya kompyuta, ndabwera kudzatula mawu. Ndalemba zonse kuti muwerenge modekha tisanakumane Lamlungu, chifukwa muli nkhani ya ndalama yofuna kuti aliyense abwere ataiganizira kale.

Munandituma kumsonkhano wa magemu ndi mafunso awiri. Loyamba linali lakuti kodi ndalama za chilimba zomwe tasonkha tigulire ma PS5 (makina a magemu a PlayStation 5) awiri ndi magemu akuluakulu a open world, popeza anthu akuti kutsogolo konse kuli kumeneko. Lachiwiri linali la ana athu amene akuphunzira kupanga magemu: kodi tiwalimbikitse pa maloto awo opanga Lusaka yense m'gemu imodzi?

Msonkhano unali m'holo ina m'mbali mwa Great East Road ndipo unatenga Loweruka lonse. Ambiri anali ophunzira a m'mayunivesite ndi achinyamata olemba mapulogalamu. Eni mashopu a m'komboni tinalipo atatu okha: ine wa ku Mtendere, mayi wina wa ku Matero ndi bambo wina wa ku Kanyama. Zokamba zinali m'Chingerezi, koma pa nthawi ya tiyi tinkamasuka m'chinenero chathu, ndipo zambiri zothandiza ndinazitola pamenepo.

Kwa inu amene simugwira padi, gemu ya open world ndi ija yopanda mpanda. Magemu ena amakuyendetsa ngati sitima panjanji, ukamaliza apa ndiye khomo lotsatira litseguke. Koma ya open world imakuponya m'tauni kapena m'thengo n'kukusiya kuti upite komwe mtima wafuna. Tonse timaidziwa kudzera mu GTA San Andreas ya 2004, yomwe mpaka lero ikadali pa PS2 ya pakona m'shopu mwanga. Pali kamnyamata kena ka giredi 5 kamene kamabwera kakaweruka kusukulu. Kamalipira theka la ola, n'kutulutsa m'thumba pepala la m'kope lopindidwa kanayi, lakuda ndi thukuta, lolembedwa ma cheat, timawu tachinsinsi topeputsira gemu. Mishoni sikachita ngakhale imodzi. Kamangotenga njinga pa Grove Street n'kupalasa kutuluka m'tauni, kulunjika kuphiri la Chiliad, anzake atatu ataima kumbuyo kwake akukauza kokhotera. Nthawi ikatha kamadzuka kakumwetulira ngati kabwera kuulendo. Mwana ameneyu ndinali naye m'maganizo tsiku lonse la msonkhano.

Woyamba kulankhula anali mnyamata wokhulupirira kuti open world ndiye tsogolo, ndipo anabwera atakonzeka. Anakumbutsa kuti GTA V inatuluka mu 2013 ndipo yagulidwa makope oposa 200 miliyoni, pamene Minecraft, imene ana amakumba ndi kumanga momwe afunira, inadutsa makope 300 miliyoni mu 2023. Anatchula Genshin Impact ya 2020, yochokera ku China, kusonyeza kuti dziko lalikulu chonchi tsopano limalowa ndi m'foni momwe. Anafotokozanso bwino momwe zimayendera mkati mwa makina. Gemu siinyamula mapu onse nthawi imodzi. Imangotenga malo ali pafupi ndi wosewera, zakutali n'kuzijambula mwachisawawa, ndipo ukamayandikira imabweretsa zenizeni uku ikutaya za kumbuyo. Makina akale ankachedwa kuchita zimenezi, n'chifukwa chake nyumba zinkangotulukira mwadzidzidzi ukathamangitsa galimoto. PS5, yomwe inatuluka mu 2020, ili ndi SSD, chosungira magemu chowerenga mofulumira, choncho vuto limeneli lachepa kwambiri. Anamaliza ndi mfundo imene inatigwira ife a mashopu: GTA VI ikubwera, ndipo inalengezedwa pa PS5 ndi Xbox Series basi. Shopu yopanda makina amenewa ana adzaithawa.

Kunena zoona, atakhala pansi ndinali nditatsala pang'ono kukulemberani kuti tigule.

Titadya nkhomaliro kunaimirira mayi wina wolemba mapulogalamu, wolankhula mosathamanga. Iye sanatsutse manambala aja. Anangofunsa kuti dziko lalikulu chonchi amalimanga ndani, ndipo kwa zaka zingati. Mtengo uliwonse, khomo lililonse, munthu aliyense woyenda mumsewu, pali wina amene anakhala pansi kumujambula, kumupatsa mawu ndi kuyesa ngati sakulowa m'khoma. Mapu akakula, malo oti zinthu zisokonekere amachulukanso. Anapereka chitsanzo cha Cyberpunk 2077, ya kampani yaikulu ya ku Poland, imene inatuluka mu Disembala 2020 ili ndi zolakwika zambiri moti Sony, kampani yopanga PlayStation, inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti kwa miyezi ingapo, anthu n'kubwezeredwa ndalama. Anakumbutsanso kuti mu 2023 mokha anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'makampani a magemu, ndipo 2024 sinawachitire chifundo. Gemu ikadya zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, ikalephera pamsika imagwa ndi anthu ake.

Kenako anaonetsa pasikirini mapu a gemu ina odzaza timizindikiro, apa kukwera nsanja, apo kutola nthenga, uko kumenya kampu ya adani yofanana ndi khumi zomwe wamenya kale. Anati ambiri amayamba magemu otere koma osawamaliza. Bambo wa ku Kanyama anandinong'oneza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ndinavomera. Mayiyo anawerenganso magemu amene anapambana mphoto yaikulu ya The Game Awards kuyambira 2017 mpaka 2024. A open world enieni ndi awiri, Zelda: Breath of the Wild mu 2017 ndi Elden Ring mu 2022. Mu 2018 Red Dead Redemption 2, ndi kukula kwake konse, inagonja kwa God of War. Mu 2021 inapambana It Takes Two, yosewera anthu awiri mothandizana, ndipo mu 2024 inapambana Astro Bot, ya kaloboti kodumphadumpha m'malevo aafupi. Awiri a open world aja, anatero, anapambana chifukwa anachepetsa timizindikiro n'kumusiya munthu kuti aone phiri patali, alifune yekha.

Apa mkangano unakula ndipo wotsogolera zokambirana anavutika kugawa maikolofoni. Zambiri zinali kubwereza, sindikutopetsani nazo. Amene anatithandiza anali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa makompyuta. Anati kukula kwa mapu si chinthu chatsopano. Mu 1984 anyamata awiri a ku Cambridge, David Braben ndi Ian Bell, anapanga Elite pa kompyuta ya BBC Micro ya memore ya 32 KB, koma munali milalang'amba 8, uliwonse wa maiko 256. Sanawajambule limodzilimodzi, kompyuta inkawapanga yokha potsata masamu. No Man's Sky ya 2016 inachitanso chimodzimodzi ndi maiko osawerengeka, koma itangotuluka anthu anadandaula kuti ukafikako palibe chochita. Ndiye anatchula gemu ya Yakuza, ya kampani ya Sega, imene inayamba mu 2005. Dziko lake ndi kadera kamodzi kotchedwa Kamurocho, kotengera Kabukicho ya ku Tokyo. Umakadutsa wapansi m'mphindi zochepa, koma mashopu ambiri amalowedwa, mumadyedwa, mumaseweredwa, muli anthu a nkhani zawo. Akhala akubwerera m'misewu yomweyo gemu ndi gemu kwa zaka zonsezi, osewera n'kuidziwa ngati kwawo.

Pamenepo ndinamvetsa za kamnyamata kanga kaja. Sikanayezepo kukula kwa San Andreas. Kamakonda kuti palibe wokauza kopita, ndiponso kuti njira ya kuphiri kaidziwa ndi manja ake.

Nthawi ya mafunso itafika ndinaimika dzanja, chifukwa munandituma kuti ndikalankhule, osati kukangomvera. Ndinawauza zomwe tinaona mu 2024, mvula itakana, madzi atatsika ku Kariba, malaiti n'kumabwera maola ochepa, kawirikawiri pakati pa usiku. Ndinawauza kuti ndinagona m'shopu masiku anayi kudikira gemu ina yaikulu kuti itsike pa intaneti. Malaiti akabwera ndinkadzuka kuyatsa makina, mzere uja n'kusuntha pang'ono, kenako mdima. Mabandulo anatha kawiri. Itatsika inafunanso update, zowonjezera zina zotsitsa pa intaneti. Red Dead Redemption 2 pa kompyuta imafuna malo okwana 150 GB, ndipo pa PS5 yoyamba ija, mwa 825 GB olembedwa pabokosi, otsalira magemu ndi 667 GB. Walira mvula walira matope: wofuna dziko lalikulu akufunanso mabandulo ake, malaiti ake ndi malo ake. Ophunzira angapo anabwera kudzandipeza pambuyo pake, ena akuti zimenezi amakumana nazonso kumahositelo.

Mayi wa ku Matero anawonjezera za ndalama zolowa, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge bwino. Gemu ya mpira, imene ana akuitchabe FIFA ngakhale dzina linasintha kukhala EA Sports FC mu 2023, imakhazika anthu awiri pa TV imodzi. Mphindi khumi yatha, wogonja walipira, ena awiri akhala. Mortal Kombat ndi chimodzimodzi. Koma open world ndi ya munthu mmodzi, ndipo nkhani yake imafuna maola makumimakumi. Ndani wa ku komboni angalipire maola amenewo? Palinso nkhondo ya save, kusunga pamene wosewera wafika. Mwana wavutika sabata yonse kufika patali, mnzake wabwera wasevera pamwamba pake, m'shopu mwabuka kulira ndi ndewu. Tonse atatu tinaziona.

Tsono yankho langa pa funso loyamba ndi ili. Magemu a open world sadzatha, ndipo makampani akuluakulu apitiriza kuwapanga chifukwa amawabweretsera ndalama. Koma sindikukhulupirira kuti magemu onse akulowera kumeneko, ndipo m'mashopu mwathu sindiwo amene amagula ufa. Ndikupempha kuti chilimba cha ulendo uno chipite ku mabatire, inveta ndi sola, ndi mapadi atsopano m'malo mwa aja omangidwa ndi selotepi. PS5 ikamasewera imakoka mawati pafupifupi 200, osawerengera TV, ndiye kuigula tisanakonze za magetsi n'kugula chokongoletsa shelefu. Mfundo ya GTA VI sindikuipeputsa, ndi yoona. Koma tsiku lake lasunthidwapo kale. Ikadzatuluka tidzagule makina amodzi, tiwaike m'shopu imodzi kwa miyezi itatu, tione buku la ndalama likuti chiyani.

Funso lachiwiri ndi limene lili pamtima panga. Ana anga a kalasi ya kompyuta, maloto anu ndi abwino ndipo sindikufuna kuwazimitsa. Ndikudziwa chifukwa chake mukufuna Lusaka m'gemu. Far Cry 2 ya 2008 inaika wosewera m'dziko la mu Africa lopanda dzina, lodzaza mfuti, iye akudwala malungo. Umo ndi momwe ena amationera akatijambula, ndipo zimandipweteka monga zimakupwetekerani. Koma Lusaka yense, kuchokera ku Chelstone mpaka ku Kanyama, anthu asanu a malaputopu awiri simungamumalize, ndipo mukatopa panjira mudzaganiza kuti mulibe luso pamene vuto linali kukula kwa munda.

Tengani ngodya imodzi ya Soweto Market. Wosewera akhale mnyamata wa wilibala. Mayi wa tomato wamutuma kuti afikitse mabokosi ku siteshoni ya minibasi asanaphwanyike. Asankhe yekha: adutse njira yaifupi ya matope, kapena azungulire kwa a salaula kumene kuli khamu. Mvula ikagwa njira zisinthe. Wogulitsa vitumbuwa amudziwe, amukongoze lero, mawa amukumbutse ngongole. Ongwangwazi aitanire m'chinenero chathu, ndi mawu anu omwe ojambulidwa pafoni. Mpanda palibe, wosewera ali ndi ufulu wonse, koma malo ndi oti mungawayende ndi miyendo Loweruka limodzi mukujambula zithunzi, mutapempha chilolezo kwa eni malo. Ndinafunsa mayi wa mapulogalamu uja ngati zimenezi n'zotheka. Anati n'zotheka mu Godot, pulogalamu yopangira magemu imene ndi yaulere ndipo imayenda pa laputopu wamba, bola muyambe ndi zojambula zosavuta ndiponso gemuyo izisewereka pafoni ya Android popanda intaneti. Anandikumbutsa kuti gemu ya Semblance, yopangidwa ndi kagulu kakang'ono ka Nyamakop ku Johannesburg, inafika pa makina a Nintendo Switch mu 2018, ndipo Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016. Onsewa sanayambe ndi mapu a dziko lonse. Mayiyo wavomera kudzaona ntchito yanu kamodzi pamwezi ngati gulu lingamulipirire thiransipoti, ndipo ndikupempha a Tcheyamani kuti nkhaniyi ilowe pa ndandanda ya zokambirana.

Pa K400 imene munandipatsa, K250 inapita polowera, K60 pa minibasi kupita ndi kubwera, K50 pa chakudya. K40 yotsala ndi lisiti la polowera ndapereka kwa amayi Msungichuma. Tikumane Lamlungu 14 koloko kushopu kwa a Tcheyamani. Eni mashopu mubwere ndi mabuku anu a ndalama zolowa a miyezi itatu yapitayi, tidzawerenge limodzi kuti mpira walowetsa zingati ndipo GTA zingati tisanavote.